Tsitsi Limene Akuti Silinanyowe

Lolemba, 4 Marichi 1963

Sang Kulh. Ndayamba ndi dzina lake kuti ndikafa kope ili lisanathe, amene adzalipeze adziwe munthu woti akamufunse.

Dzulo m'tchalitchi abusa analengeza za chikondwerero. Mpingo wa m'mudzi muno ukukwanitsa zaka makumi asanu, ndiye Lamulungu la pa 17 tonse tidzatsikira ku mtsinje wa Lungva monga tinachitira tsiku loyamba lija. Kutsogolo kudzakhala munthu amene anayamba kubatizidwa muno, atafunda bulangete lofiira limene amayi a mpingo akuluka. Abusa anatchula dzina: Sang Kulh. Anthu anaomba m'manja. Iye anaweramitsa mutu ngati wachita manyazi, koma ine ndinakhala naye benchi limodzi, ndinaona chala chake chachikulu cha kuphazi chikuvina.

Woyamba kulowa m'madzi tsiku lija ndinali ine, Mang Hlun. Tinalipo atatu: ine, iyeyo, ndi malemu Dar Men. Anatibatiza Saya Ku Lay, mphunzitsi wa mtundu wa Akareni amene amishoni anatitumizira kuchokera kuchigwa, yemweyo amene anandiphunzitsa zilembo ndikulembazi. Inali nyengo yachilimwe ngati inoyi, mtsinje utatsala madzi a m'akakolo. Tinautseka ndi miyala ndi zibuma kuti pakhale dziwe, koma Saya sanadikire kuti lidzaze, chifukwa mudzi wonse unali utakhala pamtunda kudzatiseka, ndipo ena anali atayamba kutola miyala.

Bambo anga anali atandiuza kuti, "Madzi a mzungu kalowe ngati ukufuna, koma tsitsi ukadula usadzapondenso pakhomo pano." Choncho ndinalowa ndi mfundo yanga ya tsitsi pamphumi monga mwamuna aliyense wa kuno kumapiri, yaikulu ngati dzungu, yopaka bwino mafuta a nkhumba. Sang Kulh, amene ndizingomulemba S.K., yake anali atadula dzulo lake, mutu uli mbee ngati dzira. Saya anandigwira kukhosi n'kundimiza chagada. Ndikutuluka, madzi ali m'mphuno, ndinangomva mawu a S.K. kuchokera pamwala waukulu uja: "Mfundo yatsala! Mfundo yauma!"

Mudzi wonse unagwa nako kuseka. Saya chilankhulo chathu sankachimva bwino, nayenso anangoseka nawo. Chaka chotsatira anabwerera kwawo, nkhani osaiweruza.

Inanyowa. Madzi sakhala pa mafuta a nkhumba, ngakhale mwana amadziwa.

Lachiwiri, 5 Marichi

Mawondo akupweteka. Kuzizira m'mawa ngati tabwerera mu Januwale, mwezi wa chisanu kuno kumapiri.

Ndinaiwala kulemba dzulo: kuyambira tsiku lija ndine Wouma, lero Pu Wouma, poti nkhalamba kuno amatitcha Pu. Ana obadwa dzana amaganiza kuti ndi dzina limene anandipatsa amayi anga. Mgonero ndimadya, palibe anandiletsapo. Koma nthawi iliyonse posankha madikoni, S.K. amatsokomola kaye, kenako amati, "Abale, ine ndilibe naye chifukwa mbale wathuyu. Kungoti ife a Baptist timamiza munthu yense, ndipo ine ndinaona ndi maso angawa." Iye wakhala dikoni mpaka mano atha m'kamwa. Ine ntchito yanga ndi kumenya chitsulo cha bomba la Ajapani chimene timachitcha belu.

Mpongozi wanga Ngun Tlem anandipeza pakhonde ndikumanga tsitsi.

Akuti, "Bambo, dzungu lija latsala dzira la njiwa. Bweretsani ndidule, nkhani ithe."

Ndati, "Tsiku limene ndidzadule, S.K. adzapha nkhumba."

Akuti, "Ndiye tidzadya nawo."

Mkazi ameneyu mwana wanga anamupeza kuti? Mwini wake ali phee ku usilikali, wandisiyira ine.

Lachitatu, 6 Marichi

Abusa Hre Lian anabwera masana. Mnyamata wabwino, wa nsapato. Anaphunzira Baibulo ku Insein ndipo amaonetsetsa kuti munthu usaiwale. Akuti akuzungulira nkhalamba kuti amve za masiku oyamba, apeze zolalikira pa 17.

Ndinamuuza. Mmene tinkapemphera kunsi kwa nyumba ya Dar Men pakati pa nkhumba, chifukwa pamwamba mwamuna wake anatikaniza. Mmene tinakanira mowa pa phwando la amalume, ndiye chaka chimenecho palibe anabwera kudzatithandiza kufolera. Mmene Saya ankatiimbitsa do re mi ndi kamtengo, agalu a mudzi wonse n'kumayankha. Mmene ine ndi S.K. tinagonera m'kamsasa ka kumunda dzinja lonse, bulangete limodzi, iye atathamangitsidwa kwawo, ine n'kumutsatira ndi chimanga cha amayi. Abusa anadabwa. Akuti, "Inu ndi Pu Sang Kulh?" Ndati eya, ndipo ankakoka bulangete.

Kenako anakonza kukhosi. Ndinadziwa kuti zikubwera.

"Pu, ndaganiza njira yosavuta. Pa 17 tikubatiza anthu atsopano. Mudzalowe nawo. Ndidzakumizani mpaka tsitsi lomaliza, pakamwa pa anthu patsekeke."

Ndinamufunsa kuti, "Ndiye tsiku limenelo Mkhristu wamng'ono m'mudzi muno adzakhala ndani?"

Anayamba kuganiza.

"Ine," ndinamuthandiza. "Kumbuyo kwa mdzukulu wa S.K. Ndipo ndiye kuti zaka zonsezi mgonero ndinkadya ngati mbava."

"Si choncho, Pu, kungoti..."

"Abusa, ndinabadwa, ndinabadwanso. Kachitatu ayi, palibe amene angandinyamule."

Anaseka, ndiye anakumbukira kuti ndi abusa, n'kusiya. Mpongozi anamupatsa sabuti, msuzi wathu wa chimanga ndi nyama, chimanga chake chofewa bwino, mafupa a nkhumba ambiri. Anamaliza mbale, anawonjezera, anapemphera, anapita. Ine mafupa sanandifike.

Lachinayi, 7 Marichi

Sindinatuluke. Nkhuku ya S.K. inalowa m'dimba mwanga. Ndinaiyang'ana, inandiyang'ana. Nkhope ndi yomweyo ya mwini wake.

Lachisanu, 8 Marichi

Lero anyamata amatseka mtsinje. Ndinati sindipita. Ndinapita.

Malo ndi omwe aja, mwala uli pomwe paja, wangomera ndere. Njira yotsikira ndi imene yatalika, sindikudziwa anaiwonjezera ndani. Ndinapeza S.K. ali m'madzi mpaka m'ntchafu, buluku atapinda, akuloza uku ndi uku ngati kapitawo wa msewu. Munthu wa msinkhu wanga, miyendo ngati nsungwi zouma.

Atandiona anakuwa: "Wabwera, Wouma? Ima patali, ungadonthedwe!"

Ndati, "Chaka chino mudikire lidzaze. Madzi akachepa anthu ena amaona zinthu zoti kulibe."

"Maso anga anali akuthwa nthawi imeneyo."

"Unali pamwala, dzuwa lili kumaso, ukunjenjemera kuti bambo ako akulasa."

"Unali Mzimu Woyera umenewo, m'bale."

"Mzimu Woyera sunyowetsa buluku munthu asanalowe m'madzi."

Anyamata anagwetsa mwala ndi kuseka, pang'ono uphwanye phazi la wina. Nkhondo imeneyo ndapambana ine. Ndailemba kuti isaiwalike.

Mwana wake wamkazi Sui Cer anali pamtunda akukalipa: "Bambo, tulukani, madziwo ndi ozizira!" Iye ayi, pofuna kuonetsa kuti woyamba kubatizidwa saopa madzi. Anatuluka dzuwa litapendeka, milomo ili ngati phulusa. Anakhala pafupi nane, n'kungotambasula dzanja osandiyang'ana. Ndinamupatsa kachigubu kanga ka madzi a fodya. Anapsontha, anavumata, analavula, anabweza. Zikomo palibe. Zaka zonsezi fodya wanga sanamukayikirepo kuti ngwachikunja.

Loweruka, 9 Marichi

Nkhani!

Mpongozi wabwera nayo kuchokera koluka bulangete. Akuti akuluakulu a mpingo anaitana mwana wamkazi wa Saya Ku Lay, dzina lake Naw Leh Wah, ndipo wavomera. Saya anamwalira kalekale, koma mwanayu alipo, ndi gogo tsopano. Galimoto imusiya kutauni ya Hakha, kuchokera kumeneko abwera pa bulu.

Ndikumukumbuka! Kamtsikana ka maso akuluakulu. Tsiku lija kanaima m'mphepete mwenimweni mwa dziwe katanyamula zovala zouma za bambo ake. Osati pamwala, osati dzuwa kumaso. Pafupi ngati pano ndi pachitseko.

Mboni. Mulungu wandisungira mboni kwawo ku Toungoo zaka zonsezi osandiuza.

Ndinatenthetsa madzi, ndinachapa tsitsi, ndinalipesa padzuwa. Mpongozi akuti, "Mukukafunsira, bambo?" Ndinamupempha andisitire malaya oyera aja. Akuti awo tinasungira maliro anu. Ndati ndibwereka, ndibweza.

Lamulungu, 10 Marichi

Belu ndinalimenya mpaka a mudzi wa kutsidya akuti anathamangira kumadzenje a nkhondo.

S.K. ndiye anatsogolera pemphero. Anayambira kwa Adamu, pofika kwa Yona chifuwa chinamugwira, anthu anapezerapo mwayi n'kunena ameni. Atakhala pansi ndinamumwetulira. Anasuntha pang'ono.

Akuti monong'ona, "Ukusekerera chiyani?"

Ndati, "Ndakhululukira anthu onse mpaka Lachitatu."

Ndinaimba mokweza lero. Mayi wina wa kutsogolo anatembenuka kawiri.

Lachiwiri, 12 Marichi

Wafika. Mayi wonenepa, ambulera m'manja, atadzikulunga ndi nsalu zonse zimene ali nazo, bulu akuoneka kuti akuganiza zosiya ntchito. Akwaya anamulandira pachipata cha mudzi ndi nyimbo, iye akungofunsa kuti moto uli kuti. Amalankhula Chibama, chilankhulo cha kuchigwa, abusa ndiwo akumasulira. Pa chilankhulo chathu watsala ndi mawu awiri okha: "ndili ndi njala," ndi lina limene anyamata oweta anamuphunzitsa ali mwana. Analinena mokondwa pamaso pa madikoni. Abusa sanamasulire, panalibe chifukwa.

Ndinaima kumbuyo ndi malaya oyera. Maso ake anayenda pa anthu, anafika pa ine, anaima. Analoza pamphumi pake, n'kuyamba kuseka mpaka ambulera inagwa.

Akukumbuka. Mawa kwa abusa, nkhalamba zonse ndi madikoni.

Lachitatu, 13 Marichi

Ndilemba mmene zinayendera, kenako ndikagona ngakhale kuli dzuwa.

Tinakhala kuzungulira moto kwa abusa, tiyi m'manja. Mayi uja anayamba ndi za bambo ake: mmene anayendera ndi miyendo kuchokera kuchigwa, mmene ankalirira mpunga, mmene anagwera m'khola la nkhumba usiku woyamba pofuna kopita kuseri. Anthu anaseka, ena anapukuta misozi. Ine tiyi anazizira m'kapu. Pomaliza ndinakweza dzanja ngati kusukulu.

"Abusa, afunseni za tsiku la ubatizo. Woyamba kulowa anali ndani?"

Anandiloza ine, osaganiza n'komwe. Ndinayang'ana S.K. Iye anayang'ana moto.

"Afunseni ngati mutu unalowa."

Akuti unalowa, anaona yekha. Ndikanatha kuimirira pomwepo n'kupita kwathu. Ndikanapita.

Koma mayiyu ndi wokonda nkhani. Anapitiriza, abusa akumasulira, mawu awo akucheperachepera. Akuti bambo ake ankaikamba nkhani imeneyi mpaka imfa yawo. Akuti atandidzutsa m'madzi, anamva anthu akukuwa, anaona mnyamata wa mutu wometa akuloza pamwala, anayang'ana mfundo ija ikunyezimira, osadziwa ngati yanyowa kapena ayi. Ndiye pofuna kuti zonse zikhale bwino, anatapa madzi ndi dzanja n'kuthira pamwamba pake.

Nkhuni inathetheka pamoto.

Dikoni wina anafunsa pang'onopang'ono: "Kuthira?"

Mayi uja anavomera ndi mutu, n'kutionetsa ndi dzanja mmene anathirira, mokondwa, osadziwa kuti akundikwirira. Abusa anayamba kuwerenga mitengo ya denga. Kuno takhala tikulalikirana za kuthira kumeneku chibwerere ansembe a Chiroma kuseri kwa phiri: kuti kuwaza timadzi pamutu si ubatizo, ndi kusambitsa mwana.

S.K. anayamba ndi mapewa. Kenako zinatuluka. "Ndiye kuti," akupuma movutika, "thupi ndi la Baptist, mfundo ndi ya Aroma!"

Anaseka mpaka chifuwa chinamupinda pakati, Sui Cer n'kumamumenya kumsana. Madikoni anabisa nkhope m'makapu.

Ndati ine sindinamve madzi aliwonse pamutu. Mayi akuti munali kutsokomola, Pu. Ndati chabwino, koma pomiza paja, mfundoyo inalowa kapena sinalowe? Anaganiza nthawi yaitali, ndimuyamikire pamenepo. Kenako akuti, "Mutu ndinauona. Koma ndinali mwana, Pu. Panali achule ang'onoang'ono m'mphepete, ndinkayang'ana amenewo."

Malaya ndabweza m'bokosi.

Lachinayi, 14 Marichi

Ana akudutsa pamsewu: "Pu Mroma! Pu Mroma!" Nkhani m'mudzi muno imayenda kuposa bulu uja.

Mpongozi anandiphikira dzira osandifunsa. Anaika mbale, anatuluka mofulumira, ndinamumva akuseka kuseri kwa nkhokwe. Atabwerera maso ali ofiira akuti ndi utsi. Kenako anakhala pansi n'kunena kuti, "Bambo, ine ndikudziwa kuti inanyowa." Ndati unalipo? Akuti ayi, koma munthu sangakwiye zaka zonsezi ndi bodza. Sindinadziwe ngati akunditonthoza kapena akunditukwana. Dzira ndinadya.

Belu la mapemphero a madzulo sindinamenye. Aitane wa Baptist weniweni adzamenye.

Akuti S.K. nayenso sanapite. Thupi latentha, chifuwa chikulira. Madzi a Lachisanu aja. Ndinamuuza? Ayi, sindinamuuze, koma ndikanamuuza sakanamva.

Lachisanu, 15 Marichi

M'mawa abusa anabwera ndi madikoni awiri, bulangete lofiira lili pamkono. Lokongola, sindinama. Mizere yakuda ndi yobiriwira, ulusi wothina, la munthu wamkulu.

Akuti S.K. sakutha kuima. Wamankhwala ali ku Hakha, atumiza munthu koma sadziwa abwera liti. Abusa akuti, "Pu, mwa atatu aja mwatsala ndinu woyenda. Lamulungu mutitsogolere."

Ndinaligwira bulangetelo. Lofunda. Ndinaona kale mmene ndingatsikire nalo phiri, pang'onopang'ono, anthu a midzi yonse akundiyang'ana.

Ndinafunsa: "Mukundipatsa chifukwa ndinali woyamba, kapena chifukwa miyendo yanga ikugwira?"

Madikoni anayang'anana. Wina akuti, "Zonse ndi chisomo, Pu."

"Mukalengeza chiyani m'tchalitchi?"

Abusa akuti, "Tingonena kuti mukuimirira Pu Sang Kulh."

Kuimirira! Ndati pitani nalo, mukafunditse bulu.

Atapita ndinakhala pakhonde kusola nyemba, ndikudzimva kuti ndayankha ngati mwamuna. Ndiye ganizo linandigwera ngati mwala. Dar Men anafa. Saya anafa. Mayi uja ankayang'ana achule. Pakamwa pamene panakuwa mawu aja ndi pamodzi pokha pa dziko lonse, ndipo ndi pomwepo pamene pangawabweze. S.K. akafa sabata ino, ndiye kuti yauma mpaka kalekale. Adzandiika m'manda ndili Wouma, iye ali kumwamba akuuza angelo.

Nyemba zinatayika. Ndinalowa m'dimba, nkhuku ya nkhope ija inali momwemo ikufukula mpiru wanga. Lero sinathawe bwino. Ndinauza mpongozi aike chikasu ndi tsabola, msuzi wambiri.

Akuti, "Nkhuku iyi si yathu, bambo."

Ndati ikubwerera kwawo.

Loweruka, 16 Marichi

Apha sia ziwiri, ng'ombe zonenepa za m'nkhalango. Mudzi wonse ukununkha nyama, alendo a midzi ina adzaza m'makonde, akwaya akupikisana kumtunda ndi kumunsi. Ine tsiku lonse kwa S.K.

Wachepa. Pansi pa mabulangete mumangooneka mphuno. Dzulo msuzi anangonyambita, lero ndinati amwa ngakhale ndimukhalire pamimba.

Anatsegula diso limodzi. "Wabwera kudzaona ngati ndafa?"

"Ndabwera kudzakuletsa."

"Ndamva wakana bulangete."

"Linali lalifupi."

"Chitsiru." Anamwa pang'ono. "Nkhuku yokoma iyi. Yako?"

"Imwa, usamalankhule, ungatsamwe."

Sui Cer anali pakhomo akulira mwakachetechete. Mawa mwana wake wamkazi akubatizidwa, iyenso ndi wa kwaya, koma bambo ake awasiya ndi ndani? Aliyense akufuna kukhala kumtsinje. Ndati pita, ine ndilibe kopita. Anandigwira dzanja n'kuyamba za Msamariya. Ndati asiye, ndisanasinthe maganizo.

Kunyumba mpongozi anaima manja m'chiuno. "Zaka zonsezi mukulira kuti mutsogolere. Akupatsani, mwakana. Ndiye mawa simudzaona n'komwe, mukukasamala munthu yemweyo?"

Ndati sindikumusamala, ndikumulondera, angathawe.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandikulungira nyama yofewa m'tsamba, akuti ya chiwindi ndi ya wodwala, ndisadye panjira.

Lamulungu, 17 Marichi

Belu anamenya wina. Ngati akukhomera msomali.

Ndinawaona pazenera akutsika. Kutsogolo mayi wa achule uja, atafunda bulangete lofiira mpaka m'makutu, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire amaoneka kuti wafundidwa. Anthu ambiri zedi, mzere kuchokera kutchalitchi mpaka pokhotera. Tsiku lija tinali atatu ndi mphunzitsi mmodzi wosamva chilankhulo. Ndinafuna kumuuza S.K. koma ndinangoti, "Achuluka."

Mudzi unatsala wa agalu ndi ife awiri. Patapita nthawi nyimbo inayamba kukwera kuchokera kumtsinje, yomwe ija Saya anatiphunzitsa kunsi kwa nyumba ya Dar Men. Ndinaona milomo ya S.K. ikuyenda. Ankafuna mawu apansi, mpweya osakwana. Ndinamuimbira ine apansiwo, ngakhale si anga. Akuti ndikulakwitsa. Ndati imba wekha. Tinaimaliza choncho.

Kenako anati, "Mang Hlun."

Ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Dzina limeneli pakamwa pake sindinalimve chichokere m'kamsasa kaja.

"Inanyowa."

"Chiyani?"

"Mfundo ija. Inanyowa."

Supuni inali m'manja, ndinaiika pansi bwinobwino. "Ndi madzi ati? A m'dziwe kapena a m'dzanja?"

Mapewa anagwedezeka, kaya kuseka kaya chifuwa. "A m'dziwe. Inalowa yonse." Anapuma. "Iwe unatuluka m'madzi uli ndi Mulungu, ndi tsitsi, ndi bambo ako. Ine ndili pamwala ndi mutu wa dzira, kwathu atanditsekera chitseko. Ndinangokuwa. Anthu ataseka, zinandikomera."

Ndinayang'ana m'nyumba. Mphika. Mphaka. Galu pakhomo akudzikanda. Ndinatuluka mpaka pamsewu, mawondo osawamva, ndinakuwa kuti kuli munthu kuno? Anayankha tambala. Kumtsinje anayamba nyimbo ina.

Ndinabwerera. "Ukunena chifukwa ukuganiza kuti ukufa."

"Mwina."

"Unakuwa pamaso pa mudzi wonse, ndiye ukubweza pamaso pa mphaka?"

"Landira zomwe zilipo, m'bale."

Ndati sindilandira. Ndinamudzutsa, ndinamutsamiritsa pachipupa, ndinamudyetsa chiwindi chonse, pang'onopang'ono, akutukwana. Pobwera anthu masana, tsitsi la mdzukulu wake likudontha, anamupeza ali m'tulo, thukuta lili kamukamu. Sui Cer anamugwira pamphumi n'kuyamba kulira kwina, kwabwino.

Sindinauze munthu. Ndani angakhulupirire Mroma?

Lachiwiri, 19 Marichi

Wadzuka. Wakhala yekha pamphasa, wadya mpunga wa mlendo, wadandaula kuti mulibe mchere. Nditalowa anangotambasula dzanja, ndinamupatsa kachigubu.

Abusa analipo, Sui Cer analipo, dikoni mmodzi, ndi mpongozi amene ananditsatira ndi mphika. Anthu okwanira. Ndinaima pakati.

"Sang Kulh, bwereza zimene unandiuza Lamulungu."

Anavumata fodya nthawi yaitali. Analavula. Anandiyang'ana ndi maso oyera ngati a mwana wakhanda.

"Ndinanena chiyani? Ndinali ndi malungo, Wouma."

Mpongozi anatuluka ndi mphika womwe. Abusa anayamba kufunsa za mvula.

Chabwino. Achire. Ndapita kumtsinje ndekha, ndapeza anyamata akufuna kugumula miyala, ndawauza asakhudze, dziwe likhale mpaka mvula idzalitenge yokha. Ikadzalitenga tidzamanganso. Ndauza mpongozi kuti mazira onse a sabata ino apite kwa S.K., ndipo akayamba kuyenda ndidzamuyendetsa ine, lero mpaka pachipata, mawa mpaka pokhotera, miyendo ya nsungwi ija izolowere kutsika.

Bulangete sindikulifuna. Udikoni adye okha. Ndisanafe ndikufuna chinthu chimodzi: Sang Kulh atsike ku Lungva ndi miyendo yake, thupi lili lozizira bwino, akwere pamwala womwe uja, mpingo wonse uli pamtunda, akuwe kuti inanyowa, mokweza monga anakuwira tsiku lija. Kufikira pamenepo asafe iye, ndisafe ine.